Shehe Usman dan Fodio ndi Mayeso a Mpando



Mashehe, akuluakulu, amayi ndi achinyamata, pamene tsiku loponya voti likuyandikira, tiyeni tikumbuke mbiri ya Shehe Usman dan Fodio, pakuti muli zambiri zoti titolemo.

Sheheyu anabadwa mu 1754 mu ufumu wa Gobir, ku dziko la Ahausa, ndipo ankaphunzitsa pamudzi wa Degel. Mafumu a kumeneko ankadzitcha Asilamu, koma ankapsinja anthu ndi misonkho, monga wa ng'ombe wotchedwa jangali. Ankalanda katundu wa osauka, ndipo oweruza awo ankalandira ziphuphu. Zonsezi iye anazidzudzula poyera, nazilembanso m'buku lake la Kitab al-Farq.

Cha m'ma 1788, Mfumu Bawa inaitana mashehe pa chikondwerero cha Eid ndi kuwagawira mphatso. Shehe Usman anakana gawo lake, napempha zinthu zisanu m'malo mwake: aloledwe kulalikira, ofuna kumumvera asaletsedwe, ovala nduwira alemekezedwe, akaidi amasulidwe, ndiponso misonkho ichepetsedwe. Mfumu inavomera. Taonani kuti zopempha ziwiri zomalizazo zinali zokomera anthu wamba. Akadalandira chuma cha mfumu, pakamwa pake pakadatsekeka. Inunso amene mumatsogolera misikiti ya ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota mudzayesedwa chimodzimodzi, pamene ofuna mipando adzabwera ndi malata, simenti ndi maenvulopu. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kukopa ovota ndi mphatso, koma Msilamu sayenera kudikira lamulo kuti adziwe kuti voti ndi amanah.

Mu 1804 Mfumu Yunfa itayamba kuwazunza, Shehe ndi ophunzira ake anasamukira ku Gudu, ndipo nkhondo inabuka. Mu 1808 likulu la Gobir, Alkalawa, linagwa, ndipo panadzuka ufumu wa Sokoto, umene unakhalapo mpaka Angerezi ataugonjetsa mu 1903.

Mayeso aakulu anabwera limodzi ndi kupambanako. Mng'ono wake wa Shehe, Abdullahi, ataona kuti ena mwa anzake ayamba kukonda maudindo, akavalo ndi chuma cholanda, anachoka pagulu la ankhondo mu 1807 ndi cholinga chopita ku Makka. Anthu a ku Kano anamuumiriza kuti aime, ndipo kumeneko analemba Diya al-Hukkam, buku lolangiza olamulira. Nayenso Shehe al-Kanemi wa ku Bornu analembera makalata atsogoleri a Sokoto, kufunsa chifukwa chimene ankathirira nkhondo anthu amene amaswali ndi kupereka zakaat. Tisabisenso kuti ufumu umenewu, umene unayamba ndi kudandaulira oponderezedwa, unadzakhala ndi akapolo ochuluka m'minda yake. Choncho dzina la Chisilamu kapena mkanjo woyera si umboni wakuti munthu adzalamulira mwachilungamo. Gobir ankalamulidwa ndi Asilamu, Sokoto nayenso chimodzimodzi, ndipo konseko kunafunikabe anthu olimba mtima owadzudzula.

Chimene chinapirira kuposa ufumuwo ndi maphunziro. Mwana wamkazi wa Shehe, Nana Asma'u, amene anamwalira mu 1864, anaphunzitsa amayi amene ankayenda m'midzi kukaphunzitsa anzawo. Amayi, mwamva? Voti yanu ndi yanu, ndipo maganizo anu ali ndi malo m'nkhani za dziko.

Shehe Usman analibe bokosi loponyamo voti. Ife tili nalo. Kuyambira 1994 Amalawi timasankha atsogoleri pakati pa zipani zambiri, ndipo ufulu wopembedza ndi wotetezedwa m'malamulo a dziko. Tikhoza kuchotsa wolamulira wosalungama popanda kukhetsa magazi, pamodzi ndi anansi athu a zipembedzo zina amene timamwa nawo madzi a nyanja imodzi. Chotero funsani aliyense wofuna kukhala khansala, phungu kapena mtsogoleri wa dziko kuti ndalama za chitukuko adzaziyendetsa motani, adzatani kuti mankhwala apezeke kuchipatala ndi kuti atsikana amalize sukulu, nanga akadzudzulidwa amamva kapena amakwiya. Akapambana, musaleke kumufunsa.

Allah atipatse atsogoleri omuopa Iye ndi ochitira chifundo anthu ake. Ameen.