Mwana Adzione Yekha pa Cithunzi

(Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi)



Lero ndifuna kukamba za mmisiri wina wa ku America, Mai Amy Sherald, amene nchito yao ndiyo kujambula nkhope za anthu ndi utoto.

Maiwa anabadwa m'caka ca 1973 mu mzinda wa Columbus, ku Georgia. Ali ku sukulu, aphunzitsi anatenga kalasi lao kukaona nyumba yosungiramo zithunzi ya mumzindamo. Komweko anaona cithunzi cojambulidwa ndi Bo Bartlett, m'mene munali munthu wakuda. Kufikira tsikulo anali asanaonepo munthu wofanana nao pa cithunzi cotere, ndipo kuyambira pamenepo mtima wao unakhazikika pa umisiri umenewu.

Njira yao siinali yosalala ai. Zaka zambiri anadzisunga ndi nchito yoperekera zakudya kwa alendo, ndipo mu 2012 madotolo anawaika mtima wina, popeza wao unalefuka. Koma mu 2016 anapambana mpikisano wa National Portrait Gallery ku Washington, ndipo mu 2018 nyumba yomweyo inavundukula cithunzi cao ca Mai Michelle Obama.

Kajambulidwe kao nkodabwitsa. Kawirikawiri asankha anthu wamba okomana nao m'njira, nawajambula ataima mwaulemu, maso ali pa iwe. Zobvala aziwalitsa ndi mitundu yokongola, koma khungu alipaka lotuwa ngati phulusa, kuti woonayo asafulumire kuweruza mtundu, koma ayambe waona munthuyo.

Tsono, abale, tidzifunse. Kodi pa zipupa za sukulu zathu pali nkhope za yani? Mwana amene saona mace, kapena gogo wace, pa cithunzi, adzayesa kuti anthu a kwao sayenera kukumbukika. Tisaleke phunziro la kujambula cifukwa ca kusowa utoto. Makala alipo, dothi lofiira lilipo. Ana akhale awiriawiri, wina ayang'anitsitse mnzace namjambule. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mwana wophunzira kudekha pa nkhope ya mnzace aphunziranso kumlemekeza.

Ndipo mukapeza mwana alikujambula pansi nthawi ya masamu, musafulumire kumdzudzula. Yambani mwaona cimene wajambula.