Za Alendo Othawira Kuno, ndi Kalata Imene Iri Pamaso pa Bungwe

(Mau amene anakambidwa pa Msonkhano wa Caka, Lipoti la Msungi wa Cuma litatha kuwerengedwa.)

A Pampando, Mafumu, amai ndi abambo, ndi mamembala onse a Bungwe lino la m'boma la Mulanje.

Pamaso pa msonkhano uno pali kalata imene mamembala ena afuna kuti itumizidwe kwa Bwana D.C., yopempha kuti anthu a kutsidya kwa Muloza aletsedwe kugulitsa malonda m'misika ya kuno ndi kubwereka minda kwa mafumu. Amene anailemba si anthu ouma mtima iai. Malo m'boma lino ndi ocepa ndithu, pakuti minda ya tiyi inatenga nthaka yabwino kalekale, ndipo munthu wolima kandime kosakwana kudyetsa ana ace sangakondwe poona mlendo ali kusosa pafupi ndi malire ace. Koma kalatayo isanasainidwe, nkoyenera kuti Bungwe likumbuke mbiri ya boma lace lomwe.

Akuru akale anati mlendo ndi mame. Mwambi umenewu ndi wokoma, koma ulangiza kucereza mlendo cifukwa sacedwa kucoka. Za mame amene akana kuuma dzuwa litakwera, mwambiwo sunenapo kanthu. Ndipo boma lino liwadziwa bwino alendo otere.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 kufikira m'ma 1930, Alomwe anali kuoloka malire mabanja mabanja, kucokera kum'mawa kwa phiri la Mulanje ndi nyanja ya Chilwa. Anali kuthawa njala, msonkho wa Apwitikizi, nchito ya cibalo, ndi mbalamatodya, thabwa lija loboola limene anali kumenya nalo anthu m'manja. Anafika malo abwino atagawidwa kale. Cifukwa cace ambiri anamanga pa minda ya Azungu, nalipira malowo ndi thangata. Tiyi amene wabukitsa dzina la boma lino anakula m'manja mwao. Koma anthu amene anawapeza kuno, pamodzi ndi Boma la Angerezi, anawapatsa dzina la Anguru, dzina la citonzo. Anali kuwaseka pa cinenero cao ndi pa zakudya zao, nawanenanso kuti aononga mtengo wa nchito polandira malipiro ocepa. Makolo ambiri analeka kulankhula Cilomwe pamaso pa ana ao kuti anawo asanyozedwe, ndipo ici ndi cimodzi ca zifukwa zimene Alomwe ambiri a lero sadziwira cinenero ca agogo ao. M'caka ca 1943 a Lewis Bandawe, amene anabadwira ku Mozambique komweko namasulira Cipangano Catsopano m'Cilomwe, anayambitsa bungwe la Alomwe, ndipo Boma linabvomera kuleka dzina lija m'makalata ace. Thangata linathetsedwa m'caka ca 1962. M'caka ca 2004 mwana wa Cilomwe wa ku Thyolo, a Bingu wa Mutharika, anakhala Mtsogoleri wa dziko lonse. Mlembi atati afunse m'nyumba muno kumene kunacokera agogo a ali yense, manja ambiri akadaloza kum'mawa. Ndipo ena mwa maina amene ali pansi pa kalata ija ndi a Cilomwe.

Alendo anadzanso m'caka ca 1986, nkhondo ya Renamo ndi Frelimo itafika ku Milange. Akuru amene ali pano akumbukira mitolo ya pamutu ndi ana a kumbuyo ali kuoloka Muloza. Mafumu anawapatsa malo omangapo, ndipo ambiri analowa m'midzi ya abale ao a cinenero cimodzi. Pofika 1992 othawa nkhondo m'Malawi anaposa 1,000,000, m'dziko limene kalembera wa 1987 anapezamo anthu pafupi 8,000,000. Ku Nsanje alendo anacuruka kuposa eni boma. Maiko a kutali anayamika Malawi pa cifundo cimeneci, ndipo kuyamikako kunali koyenera. Koma coonadi conse cinenedwe. Zaka zitapitapo, nkhuni zitasowa ndipo mapiri atayera, mau anayamba kusintha. M'cilala ca 1992, mwini mudzi amene nkhokwe yace inali gwa anali kuona mlendo ali kulandira ufa, nyemba, mafuta ndi mcere ndi citupa cace. Ena a kuno analembetsa maina ao monga othawa nkhondo kuti alandireko. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo pofika 1995 ambiri anali atabwerera kwao. Mame anauma, ndipo kudandaula kunaiwalika.

Cimene sicikumbukika kawirikawiri ndi ici: m'njala ya 2002 ndi ya 2005, cimanga cimene cinapulumutsa mabanja ambiri a boma lino cinadzera pa Muloza pomwepo, matumba omangidwa pa njinga, kucokera m'minda ya anthu aja amene anabwerera. Anthu a kuno anaolokanso kukagwira ganyu kwa iwo.

Alendo amene sanacoke ali ku Dzaleka, m'boma la Dowa, pamalo pamene panali ndende ya omangidwa pa za ndale m'nthawi ya a Dr. Banda. Msasawo unatsegulidwa m'caka ca 1994, wokonzedwera anthu pafupi 10,000, koma pofika 2023 munali oposa 50,000, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Amene anaturukamo kukatsegula masitolo m'matauni anapatsidwa dzina limodzi la Maburundi, ngakhale acokere ku Congo, ngakhale abadwire ku Dowa. Mlandu wao waukuru pakamwa pa anthu unali wakuti agulitsa mochipa, ndiwo mlandu womwe uja wa Alomwe pa minda ya tiyi. M'mwezi wa May 2023 apolisi anagwira mazana a iwo m'Lilongwe, akazi ndi ana omwe, nawasunga ku ndende ya Maula asanawatumize ku Dzaleka. Boma linati liri kutsata lamulo lakuti othawa kwao azikhala mu msasa, ndipo amalonda ena anaomba m'manja. Mabanja amene ali ndi ana ku Joni ayenera kuti anamva mau odziwika m'zimenezi, pakuti kumeneko ana a Malawi ndiwo makwerekwere olanda nchito za eni dziko. Anthu 62 anaphedwa ku South Africa m'cipolowe ca May 2008, ndipo m'caka ca 2015 Boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ace.

Tsono za kalata ija. Kudandaula kwa malo ndi koona, ndipo Bungwe lisakutaye. Koma kalata imene inena za "anthu a kutsidya" onse pamodzi sithandiza Bwana D.C. kuweruza munda ngakhale umodzi. Ngati pali mfumu imene yalandira ndalama nipereka munda wa mwini wace kwa mlendo, mlanduwo ndi wa mfumuyo, ndipo unenedwe ndi dzina la mudzi. Ngati pali wogulitsa pa Limbuli wosalipira msonkho wa msika, alipire monga ena onse, kaya acokera ku Milange kaya kwa Mabuka.

Cifukwa cace msonkhano uli kupemphedwa kuti ubweze kalatayo ku Komiti. Komiti iyendere midzi imene yadandaula, ilembe munda uli wonse umene uli pa mkangano, nibweretse mndandandawo pa msonkhano wa pakati pa caka. M'Komitimo mulowenso mamembala awiri mwa amene amalima kutsidya, kuti akafotokoze cimene cidzacitikira minda yao a ku Milange akadzalemba kalata yonga iyi kwa akuru a kwao.