Giyabokosi yokalamba saitsuka mwamphamvu

 Ndivomereze poyamba kuti ine si makaniko. Ntchito yanga ndi yolemba nkhani m'nyuzipepala. Chimene chandiimika pamaso panu n'chakuti chaka chatha ndidataya ndalama zambiri kaamba ka oyilo wa m'giyabokosi, ndipo kuchokera nthawi imeneyo ndakhala ndikufunsa ndi kuwerenga za oyiloyu monga timachitira pofufuza nkhani ya katangale.

Galimoto yake ndi Toyota Corolla ya otomatiki, ya 1998, imene ndidagula kwa amalume. Masana mng'ono wanga amaiyendetsa ngati takisi, ndipo ndalama yake ndiyo imalipira fizi ya mlongo wathu ndi lendi ya nyumba imene amayi akukhala. Itapitirira makilomita 200,000 idayamba kududuka polowa giya. Makaniko wina, dzina sinditchula, adangomvetsera pang'ono n'kunena kuti: "Bwana, tiifulashe, ikhala ngati yatsopano." Adathiramo mankhwala otsukira, n'kulumikiza makina, oyilo wakuda bii n'kutuluka yense. M'malo mwake adathiramo wofiira wochokera m'chigubu chopanda dzina. Ine ndidaima poteropo, manja m'thumba, osafunsa kanthu.

Patapita sabata ziwiri tikuchokera ku Chikwawa, titangoyamba kukwera mapiri aja kuchokera pa Thabwa, injini idayamba kulira kwambiri koma galimoto osasuntha. Tidaimanga chingwe n'kuikoka mpaka ku Blantyre, osadziwa kuti pakutero tikumaliza chimene chidatsala. Fizi ya teremu imeneyo idathera ku giyabokosi ina.

Pa 14 June 1993 makolo athu adavota kuti munthu azifunsa mopanda mantha. Ine ndidali ndisanabadwe, koma ufuluwo ndimaudya: nduna ndimaifunsa funso lolimba osaphethira. Chodabwitsa n'chakuti pa galaja ndidali chete ngati mwana wa Sitandade 1 pamaso pa ahedi.

Tsono tiyeni tione chimene ndikadayenera kudziwa. Mu galimoto ya manyuwo, oyilo wa m'giyabokosi ntchito yake yaikulu ndi kufewetsa zitsulo. Mu otomatiki si choncho. Oyiloyo ndiye amanyamula mphamvu ya injini kupita nayo ku giyabokosi, kudzera mu chitsulo chozungulira chimene amakaniko amati torque converter. Ganizirani mafani awiri oyang'anizana: mukayatsa imodzi, mphepo yake imazunguza inzake. M'chitsulocho oyilo ndiye mphepoyo. Oyilo yemweyo, pampu ikamukankha, amadutsa m'tinjira tating'ono kwambiri n'kukafinya timakilachi timene timasintha magiya. Ndiyenso amachotsa kutentha, n'kukazizira m'kapaipi kodutsa mu radiyeta. Timakilachi timeneti tili ndi chikutiro chonga pepala, ndipo chikutirocho chikamaperepeseka, fumbi lake limatsalira mu oyilo.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya kufulasha. Ndisanamizire oyilo watsopano: giyabokosi yabwinobwino siingafe chifukwa mwaithira oyilo woyenera. Vuto lili pa giyabokosi imene yatha zaka zambiri osasinthidwa oyilo. Mkati mwake zinyalala zidakhazikika kale m'makona. Mukathira mankhwala otsukira, zinyalalazo zimatakasuka nthawi imodzi n'kukatseka tinjira tija, ndipo kilachi yosalandira mphamvu yokwanira imaterereka mpaka kupsa. Amakaniko ambiri amanenanso kuti timakilachi tikatha kwambiri, fumbi la mu oyilo wakaleyo ndilo limatithandiza kugwira, kotero kuti mukalichotsa lonse matenda obisika aja amaonekera poyera. Ngakhale ku Japan kumene galimoto zathuzi zimachokera, magalaja ambiri amakana kusintha oyilo wa galimoto imene yayenda mtunda wautali isanasinthidwepo. Ine ndikukhulupirira kuti yanga idali ikudwala kale. Koma wodwala wofooka sumuthamangitsa kuti achire.

Choyamba, musanalole aliyense kumasula bawuti, yang'anani oyiloyo ndi maso anu. Yendetsani galimoto mphindi 15 kapena 20 kuti itenthe, muiimike pamalo osapendekeka, mupondeko buleki, mudutsitse giya m'malo onse pang'onopang'ono n'kubwerera pa P. Pa Toyota, injini izilira pamene mukusolola kachitsulo koyezera kaja, dipstick. Pa Honda zakale mumayamba mwazimitsa injini n'kuyeza nthawi yomweyo. Pukutani, bwezerani, sololaninso, ndipo oyilo afike pakati pa zizindikiro za HOT. Kuchepa n'koipa chifukwa pampu imayamwa mpweya. Kuchuluka n'koipanso chifukwa oyilo amachita thovu.

Kenaka dontheza pa pepala loyera. Akakhala wofiira, palibe chodetsa nkhawa. Akakhala wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka koma osanunkha, wakalamba, ndipo ino ndiyo nthawi yabwino yomusintha. Akakhala wakuda, akununkha ngati nsima yopserera, timakilachi tapsa kale; oyilo watsopano sangabwezeretse chikutiro chimene chidatha, ndipo yambani kusunga ndalama ya ntchito yaikulu. Akaoneka ngati wasakanizidwa ndi mkaka, imani pomwepo. Kapaipi ka mu radiyeta kabooka, madzi alowa, ndipo madzi amamatula chikutiro chija. Pamenepo kuyamba ndi radiyeta, osati oyilo.

Nanga akakhala wofiirira, tichite bwanji? Njira imene ndikuikhulupirira ndi yosafulumira. Mumamasula bawuti ya pansi, oyilo n'kutuluka yekha, opanda makina, opanda mankhwala. Giyabokosi ya galimoto yaing'ono ngati Corolla imasunga malita 6 kapena 7, koma otuluka pa bawutiyo ndi malita 2 kapena 3 okha, chifukwa ena amatsalira mu torque converter ndi m'mapaipi. Yezani amene atulukawo m'chigubu, ndipo mubwezeremo atsopano ofanana ndendende. Yendetsani masiku angapo, mukumvetsera. Ngati ikusintha bwino, bwerezani. Tiwerengere limodzi: mukamachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu nthawi iliyonse, ulendo woyamba oyilo wakale amatsala magawo 67 pa 100, wachiwiri 44, wachitatu pafupifupi 30. Ndiye kuti mwasintha wochuluka, koma giyabokosiyo simunaidzidzimutse, ndipo ikayamba kuvuta mukhoza kulekera panjira.

Pa ulendo woyamba uzani makaniko atsitsenso sampu. Pansi pake pali timaginito timene timagwira fumbi la chitsulo. Phala lotuwa losalala pa timaginito si lodabwitsa, zimenezo n'zaka. Koma mukaona tizidutswa tonyezimira tokanda chala, chilipo chimene chikusweka mkatimo. Atsuke sampuyo, asinthe sefa ndi gasiketi, ndipo asapukute ndi chiguduli chothothoka ulusi, chifukwa kaulusi kamodzi n'kokwana kutseka njira.

Tsopano za mtundu wa oyilo, pamene ambiri tikupwetekera. Kufiira si dzina; ndi utoto chabe umene amathiramo kuti musasokoneze ndi oyilo wa injini. Dexron, wa kampani ya General Motors, adatuluka mu 1967, ndipo nthawi imeneyo oyilo wa otomatiki ankamusakaniza ndi mafuta a namgumi, mpaka dziko la America lidaletsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Kuchokera pamenepo mitundu yangochulukirachulukira. Corolla yonga yanga imafuna Dexron II kapena III. Toyota zambiri zotsatira zimafuna T-IV, ndipo zina zapambuyo pake zimafuna WS, amene ndi wopyapyala. Honda ili ndi wake, Nissan ili ndi wake. Pa Toyota zambiri dzina la oyilo lidalembedwa pa dipstick pomwepo. Pukutani muwerenge, poti buku la galimoto limabwera m'Chijapanizi, likabwera n'komwe.

Inu a Honda Fit, a Vitz ndi a Sienta, tcherani khutu. Zambiri mwa galimoto zanuzo si otomatiki wamba, ndi CVT. Mkati mwake muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri, ndipo oyilo wake ndi wapadera, wothandiza lambayo kugwira. Mukathiramo Dexron chifukwa ndi wotchipa, lamba amaterereka n'kukanda mapule, ndipo CVT ikafika pamenepo kawirikawiri amangogula ina. Gulani botolo lomata, lolembedwa dzina, mulitsekule nokha. Makaniko woona sakwiya mukafuna kuona botolo. Ndikuona ena mwa inu mukugwedeza mitu, ndiye kuti tikumvana.

Wina andifunsa kuti nanga zopanda dipstick zija, zimene amati oyilo wake ndi wa moyo wonse? Funso langa n'lakuti, moyo wa yani? Amene adalemba mawuwo sankaganiza za takisi yonyamula anthu asanu ndi matumba a chimanga, yoima n'kunyamuka tsiku lonse mu msewu wa Masauko Chipembere, kapena yokwera Chiweta mu October. Mdani wamkulu wa oyiloyu ndi kutentha, ndipo ntchito yanuyi ndi yotentha. Ine pa yanga ndidasankha kusintha pa makilomita 40,000 alionse, ndipo ndimalemba m'kope, chifukwa nambala ya pa dashibodi ya galimoto yogula kwa wina siyodalirika nthawi zonse. Zopanda dipstick zimayezedwa pa bawuti yapadera oyilo ali pa kutentha koyenera, choncho imeneyo si ntchito yapansi pa mtengo.

Za chingwe zija ndisaiwale. Injini ikazima pampu ya giyabokosi imaimanso, kotero kuti mukamakoka galimoto ya otomatiki matayala oyendetsa ali pansi, zitsulo zimazungulira zouma. Pafupi, pang'onopang'ono, ikhoza kupirira. Kuchokera pa Thabwa mpaka ku Blantyre, ayi. Inyamuleni pa lole, kapena mukweze matayala akutsogolo ngati ili yokoka ndi kutsogolo. Ndipo oyilo wakaleyo musathire m'ngalande. Mvula ikagwa amakathera mu Mudi, mmene amayi ena amachapiramo.

A wapampando, nthawi yanga yatha. Ndabwera ndi mapepala oyera m'thumbamu, ndipo galimoto zili panjapo zikadali zotentha. Ngati mulola, tiyambe kusolola dipstick ya galimoto yanu.