Mphete ya mkuwa ndi zishango za Rehobowamu

 Tsegulani 1 Mafumu 14, ndime 25 mpaka 28, muikepo chala.

Pali mawu ena achingerezi amene timawamva kuntchito: phoney. Amanena chinthu chafeki, kapena munthu wachiphamaso. Mawuwa anafala ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, koma akatswiri ambiri a zinenero amati muzu wake ndi fawney, mawu a akathyali a ku England, ochokera ku fáinne, kutanthauza mphete m'chinenero cha ku Ireland.

M'zaka za m'ma 1700 akathyaliwa anali ndi njomba yotchedwa fawney rig. Munthu ankagwetsa mphete ya mkuwa yopakidwa golide pamsewu, n'kuitola pamaso pa wodutsa ngati waipeza mwamwayi. Kenako ankati ali pachangu, wodutsayo angomupatsa kangachepe atenge mpheteyo. Wogula ankapita kwawo akusekerera kuti wapusitsa mnzake, osadziwa kuti walipira kwambiri kuposa mtengo wa mkuwawo. Mwaona? Wakuba sanamulande. Dyera lake lomwe ndi limene linatsegula chikwama.

Njombayi sinafe. Lero mpheteyo ndi kalata ya sponsorship. Abale athu agulitsa minda ndi nyumba kuti alipire munthu wa pa WhatsApp, n'kupeza kuti kalatayo ndi yabodza, kapena kufika kuno ntchito palibe. Mvetsetsani: lamulo la ku Britain sililola kuti wofuna ntchito alipiritsidwe ndalama kuti amupezere ntchitoyo. Wina akakufulumizitsani kuti mutumize lero lomwe, imani kaye, funsani. Fulumira anadya gaga.

Tsopano tibwerere pamene munaika chala. Solomoni anapangitsa zishango za golide, zazikulu 200 ndi zazing'ono 300. M'chaka chachisanu cha ufumu wa mwana wake Rehobowamu, Sisaki mfumu ya Igupto anabwera ku Yerusalemu n'kuzitenga zonse. Rehobowamu anachita chiyani? Anasulitsa zamkuwa. Nthawi zonse akamapita ku nyumba ya Yehova, alonda ankazinyamula, akatha n'kukazibwezera m'chipinda chawo. Mwambo unalipo, kunyezimira kunalipo, golide ndiye anali atapita.

Amayi, abambo, apa ndi pamene pakutikhudza. N'zosavuta kukwiyira wogulitsa zafeki. Nanga zishango zathu? Ife osamalira okalamba timadziwa kuti pepala limavomera chilichonse. Ukhoza kulemba kuti agogo amwa madzi, kapu ili chodzadza patebulo. Ukhoza kulemba kuti wawatembenuza pabedi nthawi ya 2 koloko usiku, uli m'tulo pampando. Bwana awerenga n'kukhutira, koma chilonda chotuluka pamsana pa agogowo sichiwerenga mapepala. Pa Facebook tajambulitsa pambali pa galimoto ya eni ake, kumudzi akuti zathu zinayera, pamene ngongole yatifika m'khosi. Ndipo mphwako akaona chithunzicho, amagulitsa munda wa amayi kuti akutsatire. Mkuwa wako wasanduka mphete imene wina akutola.

Ku London kuli nyumba yotchedwa Goldsmiths' Hall. Kuyambira 1478 amisiri ankapititsa kumeneko ntchito zawo za golide ndi siliva kuti ziyesedwe ndi kudindidwa, ndipo mawu akuti hallmark anachokera pamenepo. Msulayo sadzidindira yekha. Kale ankapereka chinthucho m'manja mwa woyesa, amene ankachipala pang'ono kuti aone zamkati. Petro, m'kalata yake yoyamba, mutu 1 ndime 7, akuyerekeza chikhulupiriro ndi golide woyesedwa pamoto. Choncho kupalidwa kumene mukukumana nako kunja kuno musakuyese chidani cha Mulungu.

Sabata ino chitani ziwiri. Kuntchito lembani zokhazo zimene mwachitadi. Kenako imbirani foni munthu mmodzi kumudzi, mumuuze zoona za moyo wakuno.

Tiyeni tipemphere. Atate, tichotsereni mkuwa umene taupukuta zaka zambiri, mutipatse mtima woona ngakhale ukhale wosanyezimira. Tetezani ana athu kwa ogulitsa malonjezo abodza. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.