Kam'bulu Koletsa Magazi Kuundana mu Mtima

Palibe womvera amene sadamvepo za asipirini. Amapezeka m'magolosale, m'maokala ndi m'zipatala, ndipo anthu amamumwa mutu ukamaŵaŵa, dzino likabuka kapena thupi likamaphwanya. Koma alipo odwala ena amene dokotala amawauza kuti azimwa kam'bulu kamodzi ka asipirini tsiku ndi tsiku kwa moyo wawo wonse, chonsecho mutu uli bwinobwino. Ameneŵa ndi odwala mtima, ndipo ena mwa iwo akamwa miyezi iŵiri kapena itatu amangoleka, poona kuti palibe chimene akumva m'thupi. Nkhani ya sabata ino ikufotokoza ntchito imene kam'buluko kamagwira m'magazi, ndi chifukwa chake kuyamba kapena kuleka kumwa kuyenera kuchokera kwa dokotala.

Munthu akadzitema ndi chikwanje kumunda, magazi amatuluka kwa mphindi zoŵerengeka kenaka n'kuleka. Chimene chimayamba kutseka balalo ndi tinthu ting'onoting'ono ta m'magazi, tosaoneka ndi maso, timene madokotala amatitcha mapulateleti. Mapulateleti amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, ndipo amakhala masiku 7 mpaka 10 asanafe ndi kuloŵedwa m'malo ndi ena. Khalidwe lawo lili ngati la chiswe. Chulu chikagumulidwa pang'ono, chiswe chimathamangira pomwepo n'kuyamba kumata. Momwemonso mtsempha ukang'ambika, mapulateleti oyamba kufika amamatirira pabalapo ndi kutulutsa mankhwala oitana anzawo, mpaka pamalopo magazi ataundana. Pakadapanda iwo, bala la lumo likadakhala lokwanira kupha munthu.

Tsoka lake nlakuti mapulateleti sadziŵa kusiyanitsa bala la chikwanje ndi mng'alu wa m'kati mwa mtsempha. Mtima, ngakhale ndiwo umapopa magazi a thupi lonse, nawo umadyetsedwa ndi mitsempha yakeyake, yopapatiza ngati bango laling'ono, mamilimita atatu kapena anayi m'mimba mwake. Munthu akamakula, makamaka ngati amasuta fodya, ali ndi matenda a shuga kapena magazi ake amathamanga kwambiri, mafuta amaunjikana m'zipupa za mitsempha imeneyi kwa zaka zambiri mwakachetechete. Tsiku lina pamene padaunjikana mafutapo pamang'aluka. Mapulateleti amathamangirapo monga mwa ntchito yawo, ndipo magazi oundanawo amatseka njira yonse. Mnofu wa mtima umene unkadyera mumtsemphawo umayamba kufa, ndipo maola oŵerengeka akapita sungadzukenso. Wodwala amamva chifuwa kuthina ngati amusanjika mtondo, ululu kutsikira kudzanja lamanzere kapena kukwera kunsagwada, thukuta lili kamukamu ndiponso befu. Zomwezi zikachitika mumtsempha wopita ku ubongo, munthu amafa ziŵalo mbali imodzi, matenda amene ambiri amawatcha sitiroko.

Padapita nthaŵi yaitali anthu asanazindikire kuti mankhwala a mutu angathandize pa vuto lotere. M'chaka cha 1763 m'busa wina wa ku England, Edward Stone, adalemba kuti khungwa la mtengo wa msondodzi limaziziritsa thupi likatentha. Mu 1897 Felix Hoffmann, katswiri wa kampani ya Bayer ku Germany, adapanga asipirini amene akudziŵika lero, ndipo kwa zaka makumi asanu dziko lidamutenga ngati mankhwala a ululu basi. Amene adatsegula maso anali dokotala wamba wa mumzinda wa Glendale ku California, Lawrence Craven. Iye adaona kuti odwala amene adawachita opaleshoni ya kummero, natafuna chingamu chokhala ndi asipirini kuti ululu uchepe, ankataya magazi ambiri kuposa anzawo. Adalingalira kuti chimene chikuletsa magazi kuundana pabala chingathenso kuwaletsa kuundana mu mtima, ndipo mu 1950 adalemba maganizo akewo. Akatswiri a nthaŵiyo sadawalabadire kwenikweni, ndipo Craven adamwalira mu 1957 asanaone zipatso zake.

Mu 1971 John Vane, akugwira ntchito ku London, adapeza njira imene asipirini amagwirira ntchito m'thupi, ndipo adalandira nayo mphoto ya Nobel mu 1982. Kudadziŵika kuti asipirini amatseka pakamwa pa pulateleti kuti isathe kuitana anzake, ndipo ikatsekedwa kamodzi imakhala yotero mpaka kufa kwake. Umboni wotsekera mkangano udabwera mu 1988, pa kafukufuku wotchedwa ISIS-2, amene adatsata odwala 17,187 ogonekedwa m'zipatala za m'maiko 16 poganiziridwa kuti mitsempha ya mtima yatsekeka. Pa odwala 1,000 alionse amene sadalandire asipirini, pafupifupi 118 adamwalira ndi matenda a mtima ndi mitsempha m'masabata asanu. Pa 1,000 amene adalandira, adamwalira 94. Ndi mankhwala ochepa otchipa chotere amene adapulumutsapo anthu ochuluka motero.

Apa mpamene pagona yankho la funso limene odwala amafunsa kaŵirikaŵiri: amwerenji tsiku lililonse pamene sakumva kuŵaŵa? Thupi limapanga mapulateleti atsopano tsiku ndi tsiku, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a onse, ndipo atsopanowo sadakumanepo ndi asipirini wa dzulo. Munthu akaleka kumwa, pakutha pa sabata imodzi kapena masiku khumi chitetezo chonse chatha. Muyezo wake ngwochepa: mamiligalamu 75 patsiku, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a m'bulu wamba wa 300. Kuwonjezera muyezo sikuwonjezera chitetezo, kumangokulitsa ngozi ya kutaya magazi. M'bulu wathunthu wa 300 achipatala amaupereka kuti wodwala atafune pa tsiku lenilenilo limene mtsempha watsekeka.

Asipirini ali ndi mnzake wotchedwa clopidogrel, amene adayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1997. Nayenso amafooketsa mapulateleti, koma podzera njira ina. Amaperekedwa kwa amene asipirini sawayanja, ndiponso pamodzi ndi asipirini kwa amene angodwala kumene mtima kapena aikidwa kachubu ka waya kotsegula mtsempha, monga amachitira odwala ena a kuno amene amakalandira chithandizo ku India kapena ku South Africa. Kaŵirikaŵiri mankhwala aŵiriŵa amamwedwa limodzi mpaka miyezi 12. Wodwala wotere akabwerera kwawo, mankhwala amene adabwera nawo n'kumuthera, iye n'kukhala chete, ali pa ngozi yaikulu koposa, pakuti kachubuko kasanakutidwe ndi mnofu mapulateleti amakaona ngati bala, ndipo kangathe kutsekeka mwadzidzidzi.

Koma akulu adati walira mvula walira matope. Mankhwala amene amaletsa magazi kuundana mu mtima amawaletsanso kuundana m'mimba ndi mu ubongo. Asipirini amakanda chifu, choncho ndi bwino kumumwa munthu atadya, ndipo amene adadwalapo zilonda za m'mimba ayenera kunena, kuti dokotala awonjezere mankhwala oteteza chifu monga omeprazole. Chimbudzi chakuda ngati phula, kusanza magazi, kamfuno wosaleka, kapena mutu woŵaŵa modzidzimutsa, zonsezi nzothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala a ululu monga Brufen ndi diclofenac amakulitsa ngoziyi, chimodzimodzinso moŵa wambiri. Pa ululu wamba Panado ndiye woyenera. Wokazula dzino kapena wokachitidwa opaleshoni auze achipatala za mankhwala amene akumwa, ndipo iwo ndiwo agamule ngati nkofunika kuyamba waima. Ana osakwana zaka 16 sapatsidwa asipirini popanda chilolezo cha dokotala, chifukwa angathe kuwaonongera chiŵindi ndi ubongo, ndipo kwa ena odwala mphumu amautsa matendawo.

Pali chizoloŵezi china chosayenera kuchilekerera. Munthu akauzidwa kuti magazi ake akuthamanga kwambiri, anzake amamulangiza kuti azimwa asipirini, amati kuti magazi asungunuke. Kafukufuku wa mu 2009 adapeza kuti ku Malaŵi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, choncho olandira uphungu wotere ngambiri. Asipirini satsitsa kuthamanga kwa magazi ngakhale pang'ono, ndipo womumwa magazi ali chithamangire amawonjezera mpata wakuti mtsempha wa mu ubongo ukaphulika magazi asaleke. Ngakhale kwa okalamba athanzi phindu lake silioneka. Mu 2018 kafukufuku wotchedwa ASPREE, wa okalamba 19,114 a ku Australia ndi ku America, adaonetsa kuti omwa asipirini tsiku ndi tsiku sadakhale ndi moyo wathanzi wotalikirapo kuposa anzawo, koma otaya magazi modetsa nkhaŵa adali ochulukirapo pakati pawo kuposa pakati pa osamwa. Phindu lalikulu lili kwa amene mtsempha udawatsekekerapo kale, kapena amene dokotala wapeza kuti mitsempha yawo ya mtima yapapatiza.

Munthu akagwa n'kufa ziŵalo, apabanja asathamangire kumumwetsa asipirini. Sitiroko ili mitundu iŵiri, ya kutsekeka kwa mtsempha ndi ya kuphulika kwake, ndipo ndi maso okha sizisiyanitsika. Pa mtundu wachiŵiriwo asipirini amawonjezera moto. Si matenda onse a mtima amene amafuna mankhwalaŵa. Achinyamata ambiri a kuno amene mtima udawaonongeka chifukwa cha zilonda za kummero za paubwana, ngati mtimawo ukugunda mosalongosoka kapena adaikidwa chotsekera chachitsulo, amafunika mankhwala ena monga warfarin, ndipo asipirini sangaloŵe m'malo mwake.

Kwa amene adalembedwa kale mankhwalaŵa, ndi bwino kumwa pa nthaŵi imodzimodzi tsiku lililonse, monga pakutha pa chakudya cha m'maŵa, ndi kupita kukatenga ena kudakali masiku angapo kuti akale athe, buku la kuchipatala lili m'manja. Woiŵala tsiku limodzi asamwe mibulu iŵiri maŵa lake. Amwe umodzi monga mwa masiku onse.