Madzi amalondola mchere: chifukwa chake ORS amapulumutsa wotsekula m'mimba

 Mvula yayamba, ndipo nyengo ino ndi imene matenda otsekula m'mimba amavuta. Ambiri mukukumbukira kolera amene anayambira m'boma la Lago mu Seputembala 2022, n'kudzafikanso kuno ku Lichinga. Lero tiyankha funso limene amayi amakonda kufunsa: mwana akamataya madzi, bwanji osangomumwetsa madzi okha? Mchere ndi shuga n'zachiyani?

Thupi lathu linapangidwa ndi tizigawo tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Selo lililonse ndi lokutidwa ndi kachikopa kopyapyala kwambiri. Kachikopaka ndi kamafuta oyalana kawiri, ndipo m'mafutamo muli timakomo. Mpweya wabwino umene timapuma umadutsa m'mafutamo mosavuta. Mchere ndi shuga sizingatero. Zimalowera pa timakomo, ndipo khomo lililonse limalola zinthu zake zokha.

Nanga madzi? Madzi amalondola kumene kwachuluka mchere kapena shuga. Amayi mumaziona izi pophika. Mukawaza mchere pa matimati oduladula, posakhalitsa m'mbale mumadzaza madzi. Mpiru wofota mukauviika m'madzi, umatsitsimuka. M'thupi mwathunso ndi chimodzimodzi.

Munthu akakhala bwino, maselo a m'matumbo amatenga mchere wa m'zakudya n'kuupereka m'magazi, madzi n'kutsatira. Tizilombo ta kolera timasokoneza dongosolo limeneli. Timatulutsa poizoni amene amachititsa maselowo kutayira mchere m'matumbo. Madzi a m'thupi amalondola mcherewo, n'kutuluka ndi chimbudzi chooneka ngati madzi otsukira mpunga. Munthu wamkulu wamphamvu zake angathe kumwalira tsiku lomwelo. Madzi okha sabwezeretsa mchere wotayikawo, ndipo matumbo odwala sawayamwa mokwanira.

Mwamwayi, pali khomo limodzi limene kolera salitseka. Khomo limeneli limalowetsa mchere pokhapokha ukabwera pamodzi ndi shuga. Ziwirizi zikalowa, madzi amatsatira mpaka m'magazi. Katswiri wina dzina lake Robert Crane ndiye anafotokoza za khomoli mu 1960. Mu 1971, kolera atabuka pa msasa wa anthu othawa nkhondo ku Bangaon m'dziko la India, madiripi anachepa. Dokotala Dilip Mahalanabis anauza achibale a odwala kuti aziwamwetsa madzi a mchere ndi shuga. Pa odwala 100 alionse, omwalira anatsika kuchoka pa 30 kufika pa osakwana 4. Amenewa ndiwo madzi amene kuchipatala kuno amawatcha SRO, ku Malawi amati Thanzi ORS.

Tsopano mvetserani kakonzedwe kake. Sambani m'manja ndi sopo. Sungunulani paketi yonse ya ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala a Certeza kapena WaterGuard. Lita imodzi ndi mabotolo awiri a theka la lita. Ngati paketi palibe, mu lita imodzi thirani masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere, masupuniwo akhale osalaza pamwamba, osati otumphuka. Musawonjezere poganiza kuti wodwala achira msanga. Shuga akachuluka, madzi amamulondola m'matumbo ndipo kutsekula kumakula. N'chifukwa chake zakumwa zotsekemera za m'mabotolo si zoyenera wodwala wotere. Mchere wochuluka nawonso ndi woopsa kwa mwana.

Mwana wosakwana zaka 2 mumupatse kota kapena theka la kapu nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi. Wa zaka 2 mpaka 10, theka la kapu kapena kapu yodzaza. Wamkulu amwe mmene angathere. Mwetsani pang'onopang'ono ndi supuni. Akasanza, dikirani mphindi 10, kenaka yambaninso modekha. Madzi otsala akatha maola 24, atayeni n'kukonza ena. Pitirizani kuyamwitsa ndi kumupatsa phala. Pemphaninso mapiritsi a zinki kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, mwana amwe kwa masiku 10 mpaka 14 ngakhale kutsekula kutasiya.

Abambo ndi amayi, musazengereze mukaona zizindikiro izi: maso olowa, liwombo lolowa, khungu losabwerera msanga mukalitsina, kusakodza, kulephera kumwa kapena kuyamwa, kusanza chilichonse, kufooka kwambiri, kapena magazi m'chimbudzi. Liwombo likalowa ndiye kuti madzi achepa m'thupi, ndipo kumata mankhwala pamutu sikubwezeretsa madziwo. Nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, kupita kuchipatala chapafupi, ndipo m'njira muzimumwetsabe. Chimbudzi chikaoneka ngati madzi a mpunga, musadikire zizindikiro zina.

Sungani mapaketi awiri a ORS m'nyumba matenda asanafike, ndipo aliyense wosamalira ana pakhomo panu, kuphatikizapo agogo, adziwe kakonzedwe kake.