Muyeso wa Ntchito za Chifundo Pakati pa Ana

Ena amene anaimirira pano ndisanaime ine anawerenga zimene zinamangidwa pa malo ano: tchalitchi, sukulu, chipatala ndi zitsime. Tiyamike Mulungu chifukwa cha zonsezo, tiyamikenso anthu a mtima wachifundo, a kuno ndi a kutsidya kwa nyanja, amene anapereka chuma chao. Koma ine ndapatsidwa funso lina lolemerapo, ndilo ili: tidzadziwa bwanji kuti zoperekazo zinathandizadi ana?

Ndiyambe ndi kuulula mlandu wanga. Chaka china kunafika phala pa sukulu yathu ya kumudzi, ndipo ana anachuluka kotero kuti ena tinawakhazika pansi pa mtengo. Alendo opereka phalawo anadza, nawerenga makapu, naona ana alikuimba, nakondwera. Koma ine ndinadziwa kuti ena mwa anawo ankamwa phala ndi kuzemba belu lisanalire, ndipo m'buku la maina ndinawalemba ngati analipo tsiku lonse, poopa kuti matumba angachepe. Pakutha pa chaka ndinaitana ana amenewo mmodzimmodzi, ndinawapatsa buku, ndipo sanathe kutchula ngakhale mau amodzi. Pamenepo ndinakumbukira mwambi wa makolo, wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Phala linali labwino, pakuti mwana wanjala samva mphunzitsi. Choipa chinali muyeso wanga wonama, umene unabisa anawo kwa anthu amene akadawathandiza.

Tsono muyeso woona uli ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi iyi: tisalekere pa kuwerenga zimene tapereka, koma tiyang'ane mwana mwini wake. M'chaka cha 1994 Boma linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, ndipo ana ngati miliyoni imodzi anaonjezeka m'makalasi pa nthawi imodzi. Chinali chinthu chachikulu ndi choyamikika. Koma pamene oyesa anayenda m'sukulu m'chaka cha 2010, nakhala pansi ndi ana a Sitandade 2 kuti awawerengere kankhani kakafupi ka Chichewa, anapeza kuti ambiri sanathe. Kulembedwa m'buku si kuphunzira iai.

Taonani m'mene achitira alangizi a zaumoyo pa tsiku la sikelo. Safunsa mai kuti analandira ufa wochuluka bwanji, koma amatenga kalamba ka mitundu itatu, nakazenga pa mkono wa mwana pakati pa phewa ndi chigongono. Mkono ukachepera masentimita 11.5 kalamba kaonetsa kufiira, ndipo mwanayo ali pa ngozi, ayenera kulandira chiponde msanga, ukapitirira 12.5 kaonetsa kubiriwira. Ndi miyeso yotere dziko lathu linadziwa kuti m'chaka cha 1992, mwa ana 1,000 obadwa, 234 ankamwalira asanafike zaka zisanu, koma pofika 2016 anali 63. Muyeso womwewo unationetsanso chomvetsa chisoni, kuti pa nthawi imeneyo ana 37 mwa 100 alionse anali opinimbira. Muyeso woona sukometsa nkhani, unena zokoma ndi zowawa pamodzi.

Mbali yachiwiri ndi kulinganiza. Mwana amakula ngakhale popanda ife, ndipo chaka cha mvula yabwino ana onse amanenepa. Tsono tisadzitamande ndi zimene mvula inachita. Akatekisiti mukumbukira Danieli ndi anzake atatu ku Babulo, m'mene anapempha kuti ayesedwe masiku khumi akudya zamasamba ndi kumwa madzi, ndipo pambuyo pake nkhope zao zilinganizidwe ndi za anyamata akudya chakudya cha mfumu. Danieli anadziwa kuti muyeso usowa magulu awiri. Motero anachitanso anthu ophunzira ku Zomba m'zaka za 2008 ndi 2009. Anachita maere pakati pa midzi. M'midzi ina atsikana ndi makolo ao analandira ndalama mwezi ndi mwezi malinga ngati mtsikanayo apita ku sukulu, m'midzi ina analandira popanda pangano lotero, ndipo m'midzi ina sanalandire kanthu. Pofunsa atsikana eni ake, ambiri anati amapita ku sukulu. Koma pofunsa aphunzitsi ndi kutsegula mabuku a maina, zinaoneka kuti pakamwa panaonjeza. Mabukuwo ndiwo anasonyeza kuti ndalama za pangano zinasunga atsikana m'kalasi koposa zinazo. Lingalirani, aphunzitsi anzanga: nkhani yonseyo inatsamira pa dzanja la mphunzitsi wolemba maina m'mawa. Akadalemba monga ndinalembera ine chaka chija, ntchito yonse ikadasokera.

Mbali yachitatu ndi kudikira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu a ku Zomba aja anabwereranso zitapita zaka ziwiri ndalama zitaleka, napeza kuti zabwino zambiri zinali zitazilala. Koma zina zinatsala: atsikana amene anali atasiya sukulu kale nabwezedwa ndi ndalamazo anaphunzira zaka zoonjezera, nachedwa kukwatiwa ndi kubala. Akadayesa pa tsiku la chikondwerero lokha, sakadadziwa chimene chifota ndi chimene chikhalitsa. Mlimi saweruza munda poona mmera, ayembekeza nkhokwe.

Wina adzati, Kodi sikuchepetsa chifundo kuchiika pa sikelo? Kodi Ambuye sanatiphunzitse kupereka mobisika? Inde, wopereka asadziwombere lipenga. Koma ife olandirira ana ndife akapitao, ndipo kapitao afunsidwa. Ndalama imene ipita ku ntchito yosabala zipatso yalandidwa kwa mwana wina amene akadapulumuka nayo. Ndivomereza kuti zilipo zosayesedwa ndi kalamba: mtima wa mwana wamasiye amene wapeza wina womutchula dzina, palibe sikelo younyamula. Izo azidziwa Mulungu. Koma zimene munthu akhoza kuziyesa, kuzisiya zosayesa ndi ulesi.

Chifukwa chake ndikupemphani zinthu zochepa, zosafuna ndalama. Mphunzitsi alembe buku la maina moona, ngakhale chiwerengero chichite manyazi. Pa chiyambi ndi pa mapeto a chaka, amve mwana aliyense akuwerenga yekha, nalembe chimene wamva. Katekisiti asunge maina a ana amasiye a m'limana lake, ndipo chaka ndi chaka afunse kuti uje ali kuti, akadali pa sukulu kapena anapita ku ganyu, kapena anakwatiwa asanakhwime. Amai asataye kabuku ka sikelo. Ndipo alendo akadza, tiwaonetse ana amene tinawalephera pamodzi ndi amene anapambana.

Tikatero, iwo amene adzasonkhana pano pa Jubile ina, ife titagona, adzapeza mabuku oti awakhulupirire, nadzadziwa pomangapo. Mulungu adalitse ana athu ndi onse owatumikira.